Chenjezo kwa anthu a ku Kasungu: phungu mwamusandutsa wogula mabokosi, nanga nduna aifunse ndani?

Abale athu a ku Kasungu, kuchokera kwa Santhe mpaka ku Nkhamenya, kwa Wimbe mpaka kwa Chulu, wakutsina khutu ndi mnansi. Khalidwe limene lakhazikika m'midzi mwathu pa nkhani ya aphungu ndi lochititsa manyazi, ndipo likupweteka ife tomwe. Phungu akangofika kumudzi, pa geti pake pamakhala mzere: uyu akufuna bokosi, uyu fizi ya mwana, uyu yunifolomu ya timu ya mpira, winayo galimoto yonyamula akwati. Pa mzere wonsewo simungapeze munthu atagwira pepala lonena kuti chipatala chakwawo chatha masiku angati chopanda mankhwala a malungo a LA. Anthu omwewo madzulo ali pa wailesi, kuimba foni kuti boma latitaya. Lilekerenji kukutayani, pamene munthu amene mudamutuma kuti azikalifunsa mwamupatsa ntchito ina?

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 sadabise mawu. Gawo 96 limati nduna zizipezeka ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso okhudza mfundo za boma. Gawo 89 limati ngakhale Pulezidenti aziitanidwa kukayankha, ndipo mu 2020 tonse tidaona Dr Lazarus Chakwera ataima m'Nyumbamo aphungu akumupanikiza. Gawo 60 limapatsa Nyumbayo ndi makomiti ake mphamvu yofufuza ndi kuitanitsa munthu aliyense, kaya mlembi wamkulu wa unduna, kaya DC, kaya mkulu wa ADMARC. Bajeti yonse ya dziko imadutsa m'manja mwa aphungu isanayambe kugwira ntchito. Mphamvu zonsezi wanyamula ndi munthu amene inu mumamuyeza ndi kukula kwa chipepeso chomwe wapereka pamaliro.

Taganizani bwino zotsatira zake. Malipiro a phungu sangakwirire maliro onse a dera lonse. Akalowa m'ngongole chifukwa cha inu, amayamba kusaka kontrakiti, ulendo wakunja, kapena mpando wa unduna. Amene angamupatse zimenezo ndi boma lomwelo limene iye amayenera kulifunsa. Pakamwa pake mwatseka ndinu. Paja lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana pa chisankho kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, koma ovota ndife amene timawakakamiza kuliphwanya.

Tsono imvani momwe funso limayendera, chifukwa apa ndi pamene kusasamala kwathu kwafika poipa. Phungu sangodzuka m'Nyumba n'kuyamba kulalata. Amalemba funso, amalipereka ku ofesi ya mlembi wa Nyumba, funsolo limapita ku unduna kuti akonze yankho, kenako limaikidwa pa ndandanda wa zokambirana za tsiku. Nthawi ya mafunso ndi yochepa ndipo aphungu alipo 229 kuyambira chisankho cha 2025, kusiyana ndi 193 akale. Funso limodzi likhoza kudikira masabata. Mwayi wosowa chonchi sitingautaye pa funso lopanda mutu.

Funso lopanda mutu ndi ili: "Kodi nduna ingaganizire zothandiza anthu a m'dera langa pa vuto la mankhwala?" Yankho lake timalidziwa tonse, ana omwe amaliloweza: boma likudziwa za vutoli ndipo lichitapo kanthu ndalama zikapezeka. Nduna yakhala pansi, nkhani yatha. Funso loluma limatchula dzina la chipatala, dzina la mankhwala, tsiku limene adatha malinga ndi stock card (khadi lolembapo mankhwala olowa ndi otuluka), tsiku limene chipatala chidatumiza oda, ndi kuchuluka kwa zomwe zidabwera kuchokera ku Central Medical Stores Trust poyerekeza ndi zomwe zidaitanitsidwa. Pamenepo nduna siingathawire ku mawu okoma. Ndipo phungu wokonzeka amakhala ndi funso lowonjezera m'thumba: ntchitoyi ili m'bajeti ya chaka chino kapena ayi, pa voti iti (gawo la bajeti la unduna kapena nthambi ya boma), ndipo iyamba mwezi uti? Chilichonse chimene nduna yayankha chimalembedwa mu Hansard, buku la zonse zolankhulidwa m'Nyumba. Kuli komiti yolondola malonjezo a boma, ndipo lonjezo lokhala ndi mwezi ndi lomwe lingalondoleke. Lonjezo la "posachedwapa" silimanga munthu.

Manambala amenewa phungu sangawalote ali ku Lilongwe. Akuchokera kwa inu a komiti ya chipatala, a komiti ya sukulu, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), a komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC). Nanga mabuku anu ali kuti? Makomiti ambiri amakumana pansi pa mtengo, kukambirana maola atatu, kubalalika popanda wolemba maminitsi. Chaka chikatha palibe angakumbukire kuti mjigo udafa liti, kapena kuti mphunzitsi adasamutsidwa mwezi uti osabwera wina. Kope la masamba 80 ndi bolopeni si zinthu zodikira bungwe.

Vuto lina ndi kugogoda pa khomo lolakwika. Kuyambira pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, ntchito zambiri zidatsikira ku khonsolo: sukulu za pulayimale, zipatala zazing'ono, mijigo, misewu ya m'midzi, misika. Mukaona denga la kalasi lasasuka, njira yake ndi mphunzitsi wamkulu, PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni), khansala, kenako khonsolo. Kuno tili ndi makhonsolo awiri, ya boma lonse ndi ya tauni ya Kasungu, ndiye dziwani kuti dera lanu lili pansi pa iti. Msewu wa M1 ndi wa Roads Authority, khansala sangaukhudze. Namwino akakunyozani, pa chipatala pali ombudsman wake, wolandira madandaulo. Phungu amalowa pamene khonsolo yanena kuti Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, sidatumize ndalama, pamene unduna sudalembe aphunzitsi kapena anamwino, pamene lamulo lenilenilo ndi lopotoka. Mukamutengera nkhani ya zinyalala za pamsika, mwamutayitsa nthawi, ndipo khansala amene mudamusankhira zimenezo mwamupatsa tchuthi chaulere.

Za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, tingonena mwachidule, poti zatibalalitsa mokwanira. Thumbali lidayamba mu 2006, ndipo ndi ndalama za misonkho yanu, si mphatso ya munthu. Mu Meyi 2025 bwalo la milandu lidagamula kuti aphungu kuyendetsa thumbali n'kosemphana ndi malamulo a dziko, chifukwa munthu mmodzi sangakhale womanga mlatho ndiponso woyendera ngati mlathowo wamangidwa bwino. Kaya ndale zitembenuka bwanji pa nkhaniyi, mfundoyo ndi yoona. Lekani kuvina pa chimbudzi cha sukulu ngati kuti wina wagulitsa ng'ombe zake.

Nthawi nayonso timaiphonya. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Marichi. Nduna ya zachuma imawerenga bajeti cha mu Febuluwale kapena Marichi, kenako aphungu amagawikana m'magulu a makomiti kukaunika unduna ndi unduna, asanabwerere kudzavomereza voti iliyonse payokha. Pofika nthawi imeneyo maunduna ndi makhonsolo adalemba kale zofuna zawo miyezi yapitayo. Inu mumayamba kulira za mlatho mu Januwale, Bua kapena Dwangwa atadzaza, ana akulephera kuwoloka. Mwachedwa. Nkhani ya mlatho imayambika m'chilimwe: ilowe m'pulani ya mudzi ku VDC, ikwere ku ADC, ilowe m'pulani ya chitukuko ya boma la Kasungu. Chimene mulibe m'pulani imeneyo n'chovuta kuchipezera ndalama, ngakhale phungu atafuula motani. Mwayi wachiwiri ndi kuunikanso bajeti pakati pa chaka, cha mu Novembala kapena Disembala.

Ndipo musamaombe m'manja mukangomva kuti ntchito yanu "yalowa m'bajeti". Ndalama yovomerezedwa ndi ina, yotuluka ku Treasury ndi ina, yogwira ntchito ndi inanso. Ambulansi ikaima chifukwa cha mafuta, pakhoza kukhala zifukwa zitatu: aphungu adavomereza ndalama yochepa, kapena Treasury idatumiza ORT (ndalama yoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku) ya mweziwo mochedwa kapena yoperewera, kapena ndalama idafika koma idapita ku maalawansi a misonkhano. Choyamba ndi mlandu wa aphungu eni ake. Chachiwiri ayankhe ndi nduna ya zachuma. Chachitatu ayankhe ndi DC ndi mkulu wa zaumoyo pa khonsolo. Mukangoti "boma ndi lakuba" osasiyanitsa, onse atatu amapulumuka, aliyense akuloza mnzake.

Tsopano inu osaina. Apa tilankhula mokalipa, chifukwa dzanja lanu ndi limene limatsuka akuba. Galimoto ya mankhwala ikafika, a komiti ya chipatala amayenera kukhalapo, kuwerenga makatoni, kuyerekeza ndi pepala lobweretsera katundu, kenako kusaina. Ambiri amasaina ali chiimire, njinga ili m'manja, osatsegula katoni ngakhale imodzi. Kontrakitala akamanga buloko ya sukulu, ena amasainira kuti ntchito yatha pamene mazenera alibe magalasi ndipo pansi simenti ikufumbuka ndi phazi, chifukwa chakuti wawagulira fanta. Siginecha imeneyo ndi yomwe imatulutsa malipiro. Pakapita chaka kapena ziwiri, mkulu wolondoloza ndalama za boma amabwera, amapeza mapepala ali bwinobwino, dzina lanu lili pamenepo. Lipoti lake limapita ku PAC, komiti ya aphungu yoona momwe ndalama za boma zagwirira ntchito, komitiyo imaitana DC kapena mlembi wamkulu kuti afotokoze. Zomwe malipoti amenewa amadandaula chaka ndi chaka n'zodziwika: mavocha opanda malisiti, mafuta osalembedwa m'buku la galimoto, katundu wogulidwa koma wosalowa m'leja ya sitolo. Ngati pepala la kwanu lili losainidwa mwaukhondo, PAC ilibe pogwira. Amfumu, chidindo chanu chisamagone m'thumba la mwana wa mlongo wanu.

Musaganize kuti kufunsa kulibe phindu. Mu 2022 nkhani ya K750 miliyoni za feteleza wa AIP, zomwe zidalipiridwa ku kampani ya ku UK yodziwika ndi malonda a nyama, idakula chifukwa aphungu a komiti ya zaulimi sadaileke, ndipo nduna ya zaulimi idachotsedwa. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni za Covid-19 adaulula momwe maalawansi adadyera ndalama za odwala. Koma Cashgate ya 2013 itikumbutse mbali inayo: mabiliyoni adatuluka ku Capital Hill kudzera mu IFMIS, njira ya pakompyuta yolipirira ndalama za boma, kulipira makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse, Nyumba ya Malamulo ilipo, makomiti alipo. Mphamvu yosagwiritsidwa ntchito siiteteza munthu.

Chitsanzo chapafupi ndi njovu. Mu 2022 njovu zoposa 250 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku nkhalango ya Kasungu, ndipo midzi yoyandikana ndi nkhalangoyi yaona minda ikutha, anthu ena kutaya miyoyo. Phungu akabwera ndi thumba la ufa pa siwa, timati ndi munthu wabwino. Koma thumba la ufa aliyense angapereke. Chimene phungu yekha angachite ndi kufunsa nduna kuti mpanda wafika makilomita angati, otsala ndi angati, ndalama yake ili pa voti iti, komanso kubweretsa m'Nyumba nkhani ya chipukuta misozi kwa owonongeredwa. Lachinayi ndi tsiku la aphungu wamba, lomwe angabweretse mfundo kapena bilu yawoyawo. Kuti atero afunika kaundula wa mudzi ndi mudzi: tsiku, munda wa maekala angati, mbewu yanji, lipoti lidaperekedwa kwa ndani. Midzi ingati ili naye kaundula ameneyu?

Nanu olemekezeka aphungu, musamwetulire ngati chenjezoli ndi la ovota okha. Mipando yopanda anthu timaiona pa kanema. Kusaina m'buku m'mawa n'kuzimiririka masana timakudziwa. Kukhala wa chipani cholamula si chifukwa chosokera pakamwa, pakuti odwala a kwa Kapelula safunsidwa khadi la chipani pa windo la mankhwala. Zokambirana za m'Nyumba zimachitika m'Chingerezi, ndiye ndi udindo wanu kubwera kudzafotokoza m'Chichewa zomwe mudafunsa ndi zomwe adakuyankhani. Msonkhano wa magule ndi nsalu si lipoti.

Ovota, kumbukirani kuti gawo 64, lomwe linkakulolani kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, lidafafanizidwa mu 1995. Mukasankha molakwika mupirira zaka zisanu. Chotsala ndi kumugwiritsa ntchito amene alipoyo. Ngati phungu wanu ndi nduna, sangaime kufunsa boma lomwe iye ali m'kati mwake, choncho lemberani wapampando wa komiti yoona nkhaniyo, kaya ya zaumoyo, ya maphunziro kapena ya zaulimi, kudzera kwa mlembi wa Nyumba ya Malamulo, kapena pemphani phungu wa dera loyandikana nalo. Chikalata cha madandaulo chosainidwa ndi anthu ambiri chimalowanso m'Nyumba kudzera mwa phungu.

Manambala akakukanizani ku ofesi, pali lamulo lopezera mauthenga lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lembani kalata kwa ofisala woona za mauthenga pa khonsolo, tchulani chenicheni chimene mukufuna, monga ndalama za ORT zomwe zidafika ku zaumoyo mwezi ndi mwezi, kapena mtengo wa kontrakiti ya buloko yakutiyakuti ndi zomwe zalipiridwa kale. Lembani makope awiri, onse awadinde ndi tsiku lolandirira, imodzi mubwerere nayo. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Akapanda kuyankha, pemphani kaye akuluakulu a ofesiyo kuti aunikenso nkhaniyo, ndipo zikakanika dandaulo lipite ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli, ndipo fotokope ya kalata yodindidwayo ipite kwa phungu pamodzi ndi funso lomwe mukufuna akafunse.