Musanaletse kaunjika, tiuzeni chimene tivale

Awa ndi maganizo anga, ndipo ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Nthawi ndi nthawi pamadzuka munthu wophunzira bwino, ali mu suti yake, n'kunena kuti boma liletse kaunjika chifukwa akutichotsera ulemu komanso ndi amene anapha mafakitale athu a nsalu. Anthu n'kuwomba m'manja. Ine sindiwomba nawo. Ndimakhala kuno ku Mchinji, ndipo mukaima pa Boma n'kuyang'ana odutsa, wakabaza, aphunzitsi, mayi wogulitsa mtedza, ngakhale abusa amene, ambiri mwa iwo chimene chili pathupi pawo chinatuluka m'belo. Mukaletsa lero, mawa avala chiyani?

Malonda a zovala ali ndi mutu wake, ndipo mutuwo uli m'mizinda inayi: Paris, Milan, London ndi New York. Kawiri pa chaka, cha mu February ndi cha mu September, m'mizinda imeneyi mumachitika zionetsero zikuluzikulu, ndipo n'kumene amagamula kuti chaka chikubwerachi thalauza ikhala yothina kapena yotaya, mtundu wotchuka ukhala uti. Ku Paris ndi kwawo kwa Chanel, Dior ndi Louis Vuitton, ku Milan kuli Prada ndi Armani. Bernard Arnault, mkulu wa kampani ya LVMH yomwe ili ndi Louis Vuitton ndi Dior, anakhalapo munthu wolemera kuposa wina aliyense padziko lapansi. Nsalu yokha siyingalemeretse munthu choncho. Iwo amagulitsa dzina.

Pansi pawo pali makampani opanga zovala mothamanga. Zara ya ku Spain, H&M ya ku Sweden, ndi Shein yomwe inayambira ku China. Awa amaona zimene zatuluka pa chionetsero, pakangotha masabata ochepa chofanana nacho chili kale m'sitolo, pamtengo wozizira. Koma osoka sali ku Paris kapena ku London. Tembenuzani kolala ya shati mwavalayo muwerenge kansalu kali m'khosimo. Mupeza China, Bangladesh, Vietnam, Cambodia, Turkey kapena India.

Tengani Bangladesh. Mwa ndalama zonse zimene dzikolo limapeza pogulitsa katundu kunja, zoposa 80 pa 100 iliyonse zimachokera ku zovala. Osoka ake ndi mamiliyoni, ambiri ndi amayi, ndipo malipiro otsikitsitsa anakwezedwa kufika pa 12,500 taka (ndalama ya dzikolo) pamwezi kumapeto kwa 2023, omwe panthawiyo anali ongopitirira pang'ono madola 110. Pa 24 April 2013 nyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu yotchedwa Rana Plaza, kufupi ndi Dhaka, inagwa anthu ali pa makina. Anafa anthu 1,134. Dzulo lake makoma anali ataoneka kale ming'alu, koma osoka anauzidwa kuti alowe azigwira ntchito. M'zigumukire munapezeka timapepala ta mayina a masitolo a ku Ulaya ndi ku America. Choncho amene amati kaunjika ndi wonyazitsa adziwe kuti manyazi a shatiyo anayamba kalekale isanafike kuno.

Chovala chikatchipa chonchi, mwini wake sachisamala. Avala kangapo, chamukwana, akachiponya m'bokosi la mabungwe othandiza anthu. Mabungwewo amagulitsa zochepa m'masitolo mwawo, zambiri amagulitsa kwa amalonda. Amalondawo amasankha, kuika m'magulu, kupanikiza ndi makina n'kumanga mabelo, nthawi zambiri a makilo 45. Zina zimayamba zakasankhidwira ku Pakistan kapena ku United Arab Emirates. Kenako sitima, doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, thiraki, nyumba yosungira katundu ku Lilongwe kapena ku Limbe. Munthu amene anapereka malaya aja ulele sadziwa kuti ofika nawo kuno awagula ndi madola.

Tsono pitani pa Kamwendo tsiku la msika m'mawa, belo likamatsegulidwa. Mwini wake amadula zomangira zija mtima uli m'mwamba, chifukwa wagula chinthu chimene sanachione m'kati. Belo limafufuma, fungo lija la kaunjika n'kutuluka, ndipo manja amakhala atazungulira kale. Oyamba kusankha ndi anyamata okagulitsa m'matauni. Iwo amadziwa dzina lililonse, amagwira jinzi kamodzi kokha n'kudziwa ngati ndi yeniyeni. Akachapa, kusita n'kuipachika pa hang'ala, mtengo umakwera kangapo. Akachoka awo pamabwera amayi ofuna za ana. Dzuwa likamapendeka zotsala zimakhala mulu pansi, mnyamata akukuwa mtengo umodzi, chilichonse tola. Ndipo pansi penipeni pamatsala zimene palibe angagule: jekete lochindikala la kumalo a chipale chofewa, shati yothimbirira m'khwapa, buluku loti anthu awiri angalowemo. Belo likakhala ndi zotere zambiri, mpamba wonse wapita, ndipo palibe kumene mayi uja angakadandaule.

Apa ndiye pamene ofuna kuletsa ali ndi mfundo, ndipo sindikana. Mbali ina ya zimene amatitumizira ndi zinyalala basi, akutaya kwathu kuti kwawo kuyere. Ku Accra, m'dziko la Ghana, kuli msika wa Kantamanto, umodzi mwa misika ikuluikulu ya kaunjika padziko lonse. Kumafika zovala mamiliyoni sabata iliyonse, ndipo zambiri zosagulika zimathera m'ngalande ndi m'mphepete mwa nyanja. Ifenso tayamba kuziona m'maenje a kuseri kwa misika. Komanso kaunjika amadya ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, madola n'kumasowabe m'mabanki, mtengo wa belo unathawa, mpaka mu February 2025 mavenda a kaunjika anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukadandaula. Tsiku limenelo tinaona kuchuluka kwa mabanja amene amadya kuchokera m'belo.

Nanga kuletsako n'kophweka? Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana kuti pofika 2019 akhale atasiya kulowetsa kaunjika. Amalonda a kaunjika a ku America anakadandaula ku boma lawo, ndipo America inaopseza kuti iwachotsera mwayi wa AGOA, lamulo la America la mu 2000 lolola katundu wina wa ku Africa kulowa ku America popanda msonkho. Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo. Rwanda yokha inalimba mtima, itakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilo, ndipo mu 2018 America inaimitsa mwayi wa zovala za ku Rwanda. Ine ndimawapatsa ulemu a Rwanda. Koma ife a ku Mchinji tikudziwa chinthu chimodzi chimene a m'maofesi amaiwala. Chipata ili pompa, ndipo kumeneko kaunjika, amene iwo amati salaula, ali mbwee. Malire athu ndi Zambia si pa Mwami pokha, njira zanjinga zilipo zosawerengeka. Mukaletsa, belo lizibwerabe usiku, boma silipeza msonkho, ndipo wosauka azigula modula. Walira mvula walira matope.

Chimene chimandiwawa ine ndi china. Thonje timalima, ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima, Karonga. Likachotsedwa njere, lambiri limatuluka m'dziko lili lomwelo. Kupota ulusi, kuomba nsalu, kudinda, kudula, kusoka, kuika dzina, ntchito zonse zimene zili ndi ndalama, zimachitikira kwina. Ife tili koyambirira kwenikweni, kumene mlimi amalira ndi mtengo, ndiponso kumapeto kwenikweni, kumene timatola zotha. Akuluakulu amakumbukira nthawi imene David Whitehead & Sons ku Blantyre inkalemba anthu masauzande ndipo nsalu yake inkapezeka m'sitolo iliyonse. Misika itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990 inayamba kufooka, ndipo mu 2003 inagulitsidwa, n'kukhala Mapeto ya lero. Kaunjika anathandizira kuifooketsa, inde, koma sanali yekha. Nsalu zatsopano zotchipa zochokera ku Asia zinalowa nthawi yomweyo. Lero mutachotsa kaunjika, malo akewo satenga telala wa ku Mkanda. Atenga malaya atsopano a ku Guangzhou ku China, aja onyezimira ong'ambika pochapa kachitatu, ndipo nawonso tigula ndi madola omwewo.

Ngakhale chitenje chimene timati n'chathu, funsani ogulitsa kumene amakapikula. Akuuzani Tanzania, Zambia, Congo, ndipo zambiri zinadindidwa ku China. Chodula kwambiri chija, cha Vlisco, chimapangidwa ku Helmond m'dziko la Netherlands, ndi kampani yomwe inayamba mu 1846, ndipo kadindidwe kake anatengera ku Indonesia. Sindikunyoza chitenje ayi. Amayi athu anachisandutsa chathu pochivala, pobereka nacho mwana, pachinkhoswe ndi pamaliro. Koma phindu lake limakagona kwina.

Ena amati tiitane makampani akunja adzamange mafakitale osoka ngati ku Lesotho, kumene amasoka majinzi a Levi's ndi Wrangler. Ntchito zimapezekadi. Koma mu April 2025 America italengeza msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa ku Lesotho, maoda anaima ndipo osoka ambiri ku Maseru anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Msonkhowo anadzautsitsa pambuyo pake, koma anthu anali atavutika kale. Fakitale yodalira wogula mmodzi wakutali imatsekedwa ndi siginecha imodzi.

Ine ndikuti tiyambire pamene kaunjika sangafike. M'belo simutuluka yunifomu ya pulayimale ya kwathu kuno. Simutuluka yunifomu ya Amayi a Mvano, ya Dorika, ya kwaya, ya anamwino, ya apolisi, ya asilikali. Simutuluka nsalu ya chinkhoswe yoti banja lonse livale mofanana. Msika umenewu ndi waukulu, sutha, ndipo uli kale m'manja mwathu. Onani atelala a pakhonde la sitolo sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa: makina opalasa ndi mwendo, tepi m'khosi, choko kukhutu, mulu wa nsalu za buluu ndi zobiriwira pambali, kusoka mpaka kuwala kutha. Telala yemweyo ndi amene amabweza buluku la kaunjika kuti likukwaneni. Luso lilipo. Koma nsalu imene akudulayo, ulusi, zipi, mabatani, ngakhale singano, pafupifupi zonse n'zochokera kunja.

Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ogwira ntchito m'boma n'kulimbikitsidwa kuvala za kwathu Lachisanu. Zinakoma m'maso, atelala anapezako kangachepe, koma malaya a Lachisanuwo ambiri anasokedwa ndi chitenje chakunja. Chimene ndikanakonda kumva n'chakuti nsalu ya yunifomu iliyonse yogulidwa ndi ndalama za boma ikhale yoombedwa m'dziko muno ndi thonje lathu, fakitale ikhale ndi magetsi osazimazima, ndipo magulu a atelala a m'maboma ngati Mchinji ndi Kasungu azipatsidwa maoda a sukulu ndi zipatala za kwawo n'kumalipidwa pa nthawi yake. Pa kaunjika, a Malawi Bureau of Standards aziunika mabelo polowa, lodzaza nsanza libwerere kumene lachokera pa ndalama za amene analiitanitsa, osati za mayi wa pa Kamwendo.