Mankhwala a makoswe: za kuno, za ku Milange ndi za ku Joni

Chimanga chikalowa m'nyumba kuno ku Mulanje, makoswe nawo amalowa, ndipo agalu ndi amphaka amayamba kufa ndi mankhwala ophera makoswewo.

Malamulo alipo mbali zonse. Kwathu mankhwala amalembetsedwa ku Pesticides Control Board, pa Bvumbwe pompa ku Thyolo. Boma la Mozambique, mothandizidwa ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linachotsa pamsika mankhwala ambiri oopsa mu 2014. Ku South Africa analetsa aldicarb mu 2016, uja timamuti tameki, iwo amati two-step. Kumeneko mbava zimathira panyama kuti ziphe agalu zisanathyole nyumba. Koma kapepala kopanda dzina kogulidwa pamsika, kaya pa Limbuli kaya kutsidya ku Milange, sikadziwa malire. Kamadutsa pa Muloza m'thumba la malaya.

Vuto lagona pomwepo, chifukwa thandizo limadalira mtundu wa poizoni. Tameki ndi timibulu takuda. Galu akadya, ola lisanathe malovu ali chuchuchu, thupi likunjenjemera, akutsegula m'mimba, timwana ta m'maso tachepa. Apa pafunika jakisoni wa atropine msangamsanga. Mankhwala a m'sitolo okhala ndi brodifacoum kapena bromadiolone ndi achinyengo: amalepheretsa magazi kuundana, ndiye galu amasewera bwinobwino masiku 3 mpaka 5, kenako usinini uyera, akutsokomola, akupuma movutika chifukwa magazi akutayikira m'chifuwa. Ameneyu amafunika vitamini K1 tsiku lililonse kwa milungu 3 kapena 4. Mukalekeza panjira poona kuti wadzuka, magazi amayambiranso kutuluka. Palinso zinc phosphide, wonunkha ngati nsomba yowola, amene amatulutsa mpweya wakupha akakumana ndi asidi wa m'mimba. Galu wotere asanzire panja, inu muli kumbali yochokera mphepo, ndipo musampatse chakudya.

Mkaka ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni aliyense mwa amenewa. Madzi a mchere osanzitsira amatha kupha okha. Tengani kapepala kapena zotsala za nyambo, thamangirani kwa alangizi a ziweto. Mphaka musamusanzitse nokha.

Amene atiposa nzeru ndi a ku Tanzania. Akatswiri a pa Sokoine University ku Morogoro akhala akulimbikitsa kuti mudzi wonse uzitchera misampha nthawi imodzi ndi kusunga bwino zokolola, m'malo momwaza poizoni nyumba ndi nyumba. Kwa ife zimenezi n'zoyenera kawiri, popeza mbewa ndi ndiwo, ndipo khoswe woledzera ndi mankhwala ndiye amene mphaka amayamba kugwira.

Ngati simungachitire mwina, gulani mankhwala olembedwa dzina, osawasakaniza ndi usipa kapena nsima. Ikani nyambo pakati pa paipi yotalika masentimita 40, yoti mphuno ya galu singalowe, muipsinje ndi njerwa. M'mawa uliwonse tolani makoswe akufa mutavala jumbo kumanja, muwakwirire mozama moti galu sangafukule.