Linux imodzi, malamulo ambirimbiri

Abale, izi zanditopetsa. Printa yakana kugwira ntchito pa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse), ndafufuza pa intaneti mpaka maso kuwawa, kenako ndapeza malangizo ooneka bwino. Ndalemba lamulo loyamba, kompyuta yangoti sikulidziwa. Kani wolembayo amagwiritsa ntchito mtundu wina wa Linux wotchedwa Arch, akunena za pacman, lamulo la kumeneko loikira mapulogalamu, pomwe kwanga kuno ndi apt!

Komatu mitundu yonse ya Linux mtima wawo ndi umodzi, pulogalamu ya pakati yotchedwa kernel imene Linus Torvalds anayamba mu 1991. Debian inabereka Ubuntu mu 2004, Ubuntu n'kubereka Linux Mint, Fedora nayo ili ndi lamulo lake loikira mapulogalamu, dnf, ndi mafayilo a mapulogalamu otchedwa rpm. Ufulu wosankha ndimaukonda, sindikana. Koma inu olemba malangizo, chonde, tchulani pamwamba penipeni mtundu wa Linux umene mukunena, munthu asachezere usiku wonse akulemba malamulo a eni.