Musanavomere opaleshoni ya vavu ya mtima, mvaninso dokotala wina

Maganizo anga ndi akuti ngati mwauzidwa kuti vavu ya mtima (kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo) ifunika opaleshoni, ndipo si zadzidzidzi, kaonaneni ndi dokotala winanso wa mtima. Sikunyoza woyambayo ayi. Kawirikawiri onse amagwirizana kuti vavu yawonongeka, koma amasiyana pa chochita.

Vavu ya mitral, yomwe ili pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima, ikamabweza magazi, dokotala wina amaichotsa n'kuikapo ina, pomwe amene manja ake anazolowera ntchitoyi amatha kuikonza yomweyo, ndipo yokonzedwa imasunga bwino mphamvu za mtima. Vavu yomweyi ikachepa chifukwa cha rheumatic fever (matenda obwera pambuyo pa zilonda zapakhosi), nthawi zina amaitsegula ndi kabaluni kodzera mumtsempha wa m'mphechepeche, osang'amba chifuwa. Zimatheka ngati vavuyo sinaume kwambiri, sikubweza magazi ambiri, ndipo mumtimamo mulibe magazi oundana.

Nkhani ya mtundu wa vavu ndiye ambiri amaithamangira. Yomwe timati yachitsulo imakhalitsa, koma mudzamwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) moyo wonse n'kumayezetsa INR (muyeso wa momwe magazi akuchedwera kuundana) pafupipafupi: nthawi zambiri 2 mpaka 3 ikakhala vavu ya aortic (ya pomwe magazi amatulukira mumtima kupita m'thupi lonse), 2.5 mpaka 3.5 ikakhala ya mitral. Warfarin amatha kuvulaza mwana wosabadwa, choncho mayi wofunabe kubereka asavomere asanafunsitse. Yochokera ku ng'ombe kapena nkhumba sifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha pakapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata imathanso msanga kuposa apo.

Popita, nyamulani zithunzi zenizeni za echo (sikani ya mtima) pa CD kapena fulashi. Mukapita ndi lipoti lokha, dokotalayo adzangobwereza mawu a mnzake. Tenganinso ECG (pepala losonyeza kagundidwe ka mtima), angiogram (zithunzi za mitsempha ya mtima) ngati inachitika, ndi mndandanda wa mankhwala anu. Funsani manambala: vavu ya aortic timati yachepa kwambiri khomo lake likachepera 1.0 cm² kapena magazi akamathamanga mamita 4 pa sekondi (4 m/s) kapena kuposa podutsapo. Dokotala wa opaleshoni mumufunse, osachita manyazi, kuti mavavu ngati anuwo amakonza angati pachaka.

Koma pali pomwe sindingalangize kuzengereza. Ngati mukukomoka, chifuwa chikupweteka mukamayenda, kapena mukubanika mutagona chagada, kuonana ndi dokotala winayo kuchitike m'masiku ochepa basi. Mwa odwala amene vavu yawo ya aortic yachepa kwambiri ndipo zizindikiro zayamba, pafupifupi theka amamwalira m'zaka ziwiri akapanda kuthandizidwa. Vavu ikadyedwa ndi tizilombo mtima n'kuyamba kufooka, madokotala akambirane okha wodwala ali m'chipatala momwemo. Ndipo madokotala awiri akanena zofanana, kusakasaka wachitatu woti anene kuti opaleshoni sifunika kumangopatsa mtima nthawi yokula ndi kufooka, zomwe vavu yatsopano mwina singadzazikonzenso.