Mwana asadikire labu

Mukuti mwana wa sekondale sangapange research ya physics popanda labu, apo ine ndakanako pang'ono. Wanga ali Form 5 kuno ku Mufakose mu Harare, anangotenga foni yanga yakale yosweka sikirini ija n'kuikamo phyphox, app yaulere yoyezera zinthu ndi masensa a mufoni, kuimangirira chingwe pachitseko cha kichini izilendewera uku ndi uku mpaka anapeza g, nambala yosonyeza mmene dziko limakokera zinthu pansi, pafupi ndi 9.8, agogo ake kumangoti mwanayu zamusokonekera eti. Pano ndi anzake akulemba proposal ya Beamline for Schools, mpikisano wa ana a sekondale wa CERN, labu yaikulu ya physics ya ku Ulaya, kulowa salipira, chovuta ndi data ndi magetsi basi. Ndamuuzanso akwere kombi apite ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ZINGSA, bungwe la boma loona za mlengalenga, la satellite ya ZimSat-1 ya 2022 ija, lili konko, akafunse yekha, ine sindimuperekeza ayi.