Chizindikiro cha funso m'malo mwa nambala

Usiku wonse ndakhala ndikulimbana ndi kabodi kanga kamagetsi kokhala ndi ATmega328P, chip yaing'ono ya mtundu wa AVR imene munthu amalowetsamo pulogalamu. Chomwe ndimafuna n'chaching'ono: kazitumiza mzere umodzi pa serial (njira yotumizira uthenga pa waya) wonena kuti kutentha kwafika 23.7. Ndinalemba sprintf, lamulo la m'pulogalamu lokonzera mzere wa zilembo, ndi %f, chizindikiro choikira nambala ya madesimali, monga timachitira pa kompyuta. Pa sikirini panangotuluka "?" basi.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti compiler, yomwe imamasulira zimene walemba kuti chip imve, sinadandaule ngakhale pang'ono, pulogalamu inalowa bwinobwino. Ndinayamba kukayikira sensa, ndinasintha mawaya, ndinaonanso baud (liwiro lotumizira uthenga) kawiri konse, 9600 mbali zonse ziwiri. Chonsecho vuto lili kwina. Pa ma chip a AVR, sprintf imabwera atachotsamo mbali yosindikiza manambala a madesimali, pofuna kusunga malo mu flash ya 32 KB, momwe mumakhala pulogalamu. Chifukwacho n'chomveka ndithu. Koma bwanji osamuchenjeza munthu?

Ndiye pano ndiyenera kudzera pa dtostrf, kusandutsa nambala ija kukhala zilembo m'kabafa (kamalo kosungiramo zilembo) kakekake, kenako n'kuilowetsa mu sprintf ndi %s, chizindikiro choikira zilembo. Mabafa awiri pa mzere umodzi, mu RAM (malo ogwiriramo ntchito a chip) ya 2 KB yokha! Ukangopereweza bafa ndi malo amodzi, poiwala ziro wotsekera kumapeto, sprintf imalemba pamwamba pa zinthu zina mwakachetechete, bodi n'kuyamba kuchita zosadziwika. Ine ndasamukira ku snprintf, yomwe silemba mopyola kukula kwa bafa komwe waiuza, sindibwereranso.

Nambala itatuluka bwino, chipangizo cholandira uthengawo chinangoti duu, osayankha. Potseka mzere, icho chimadikira zizindikiro ziwiri za \r\n pomwe ine ndimatumiza \n yokha. Ola lina lathunthu linathera pomwepo.