Matayala otakata pa galimoto yakale

Olemba nkhani, mwati tayala lotakata limagwira msewu bwino, koma za kutalika kwa tayalalo mwadumpha. Galimoto ya Mazda MX-5 yoyamba ija inkabwera ndi tayala la saizi ya 185/60 R14, lotalika pafupifupi mamilimita 578. Mukaika 195/50 R15 mumapeza 576, palibe chosintha kwenikweni. Koma mnzanga wina anatengeka ndi maonekedwe n'kuika 205/55 R15, mamilimita opitirira 606! Sipidomita ikamaloza 100 iye amakhala ali pa 105, ndipo akakhota kwambiri tayala limakhula mkati mwa madigadi mpaka mphira kumanunkha. Kagalimoto kopepuka kaja, ka injini ya 1.6, kayamba kunyamuka mwaulesi, chiwongolero nacho chalemera. Anzanga, musanagule marimu atsopano funsaninso za offset yake, kutanthauza mmene rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja ikamangidwa pa galimoto.